N'chifukwa chiyani yisiti imasunga majini osintha tRNA ooneka ngati alibe ntchito?

Funso: Ndine wophunzira wa biochemistry chaka chachitatu. M'kalasi atiuza kuti yisiti ili ndi majini ambirimbiri amene ntchito yawo ndi kusintha zilembo za tRNA ikatha kupangidwa. Koma ndawerenganso kuti ukachotsa ambiri mwa majiniwa, yisitiyo imakula bwinobwino ngati palibe chachitika. Ndiye amasungidwiranji? Nanga anthu anawapeza bwanji ngati kuwachotsa sikuonetsa kanthu?

Yankho: Zimene mwawerengazo n'zoona ndithu, koma n'zoona za yisiti yokhala pabwino. Yisiti ya mu labotale imadyetsedwa glucose mpaka kukhuta, ma amino acid onse amakhala aikidwa kale m'chakudya, imafunda pa madigiri 30, ndipo palibe mnzake wolimbirana naye. M'moyo woterewu zofooka zambiri zimabisika. Kwezani kutentha kufike pa 37, kapena chotsani majini awiri pamodzi m'malo mwa imodzi, muona yisiti yomweyo ikukanika kukula. Mafunso anu awiriwa ndi amodzi, chifukwa majini ambiri anaulula ntchito yawo pamene wofufuza anapeza njira yoipanikizira yisitiyo.

Tiyambe ndi chinthucho. tRNA ndi kachingwe kafupi ka RNA, ka zilembo pakati pa 70 ndi 90, kamene kamanyamula amino acid imodzi n'kukaitula mu ribosome, pomwe mapuloteni amamangidwira. Zilembo zake zitatu za pa malo 34, 35 ndi 36, zotchedwa anticodon, ndi zimene zimagwirana ndi codon, zilembo zitatu za pa mRNA. Saccharomyces cerevisiae, yisiti yomwe ija timafufumitsira buledi ndi mandasi, ili ndi majini a tRNA pafupifupi 275 mu nucleus, opanga mitundu 42 ya tRNA, ndi ena 24 mu mitochondria. Ma tRNA opangidwa mu nucleus amachoka kwa RNA polymerase III ali ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi U. Akamayamba ntchito amakhala atasinthidwa malo pafupifupi 13 pa tRNA iliyonse, ndipo mitundu ya zilembo zosinthidwa pa ma tRNA a mu cytoplasm ya yisitiyi ilipo cha m'ma 25. Majini ogwira ntchito imeneyi amapitirira 60.

Zilembo zachilendozi zinaonekera poyambirira penipeni. Mu 1965 Robert Holley ndi anzake ku Cornell University anamaliza kuwerenga zilembo 77 za tRNA ya alanine ya yisiti, RNA yoyamba kuwerengedwa yonse. Zinawatengera zaka pafupifupi 7 ndi yisiti ya ophika buledi yoposa makilogalamu 100. M'kati mwake anapezamo inosine, pseudouridine, dihydrouridine ndi ma G omatidwa methyl. Inosine inali pa malo 34, ndipo chaka chotsatira Francis Crick anafotokoza kuti chilembo cha pamalo amenewa chimagwira codon mosathina, moti tRNA imodzi itha kuwerenga ma codon angapo. Mu 1974 magulu awiri, la Alexander Rich ku MIT ndi la Aaron Klug ku Cambridge, anaonetsa mmene tRNA ya phenylalanine ya yisiti imapindikira ngati chilembo L. Choncho zilembo zosinthidwa zinadziwika zaka 30 kapena 40 majini ake ambiri asanapezeke.

Kuti mayina asakusokonezeni, pa enzayimu iliyonse muzifunsa kaye kuti imagwira malo ati. Zosintha za pa malo 34 ndi 37 zimakhudza kawerengedwe ka codon. Za m'thupi la tRNA zimathandiza kuti ipindike bwino ndiponso isamasuke ikatenthedwa: m1G9 (methyl pa G ya pa malo 9) ya Trm10, m2,2G26 ya Trm1, m7G46 ya Trm8 ndi mnzake Trm82, m5U54 ya Trm2, pseudouridine 55 ya Pus4, dihydrouridine ya Dus1 mpaka Dus4. Ma Trm amatenga methyl kwa S-adenosylmethionine. Ma Pus samata kanthu, amangozula U pa shuga wake n'kuizikanso motembenuza. Majini amene mukuti alibe ntchitowo ambiri ali m'gulu lachiwirili.

Alipo ochepa amene ukawachotsa yisiti imafa ngakhale ili pabwino. Tad2 ndi Tad3, omwe André Gerber ndi Walter Keller anawafotokoza ku Basel mu 1999, amagwirira limodzi kusandutsa A34 kukhala inosine. Ma tRNA 7 a yisiti amadalira zimenezi, poti inosine imagwirana ndi U, C komanso A, ndipo palibe tRNA ina yowerengera ma codon monga GCC ya alanine kapena GUC ya valine. Thg1 imawonjezera G imodzi kumayambiriro kwa tRNA ya histidine, chizindikiro chimene enzayimu yomangirira histidine imayang'ana isanagwire ntchito. Thg1 ndi yosangalatsa kuiphunzira, chifukwa imalumikiza chilembo mobwerera m'mbuyo, kuchokera ku 3' kupita ku 5', mosemphana ndi ma polymerase onse amene mwaphunzira m'kalasi.

Koma yophunzitsa kwambiri ndi nkhani ya Trm6 ndi Trm61. Poyamba ankatchedwa GCD10 ndi GCD14, ndipo anapezeka pofufuza mmene yisiti imalamulirira kapangidwe ka puloteni ya Gcn4. Mu 1998 James Anderson, ali mu labotale ya Alan Hinnebusch ku NIH, anaonetsa kuti ntchito yawo yeniyeni ndi kumata methyl pa A58. Ma tRNA ambiri ali nayo m1A58, koma imodzi yokha ndi imene imagwa ikaisowa: tRNA ya methionine yoyambira kumanga puloteni iliyonse. Anatsimikiza poika makope ambiri a jini ya IMT4, yopanga tRNA imeneyi, m'yisiti yopanda GCD10, ndipo yisitiyo inakhala ndi moyo. Mu 2004 gulu la Anderson linapeza amene amawononga tRNA imeneyi. tRNA yosowa m1A58 imamatidwa mchira wa ma A ndi Trf4, puloteni ya m'gulu limene pambuyo pake linatchedwa TRAMP, kenako exosome ya mu nucleus, gulu la maenzayimu ogaya RNA, imaidya kuyambira kumchirako. Selo yokha ndi imene inkataya tRNA yake isanayambe n'komwe ntchito.

Mfundo yakuti selo imayeza ma tRNA ake n'kutaya ofooka ndi imene ikuyankha theka la funso lanu. Mu 2006 Andrei Alexandrov ndi Eric Phizicky ku University of Rochester anaionetsa poyera ndi kuyesa kumene labotale iliyonse ingachite. Mumatenga mbale ziwiri za Petri za agar, n'kudonthezapo yisiti mizere inayi: yabwinobwino, yopanda TRM8, yopanda TRM4, ndi yopanda onse awiri. Dontho lililonse kulowera kumanja limakhala losungunulidwa kakhumi kuposa linzake. Mbale ina mumaika pa madigiri 28, ina pa 37. Pakapita masiku awiri kapena atatu, pa mbale ya 28 mizere yonse imakhala itaphuka timadontho toyera. Pa mbale ya 37 mizere itatu ili bwino, koma pa wachinayi pali agar yokhayokha. Atafufuza anapeza kuti tRNA ya valine ya anticodon AAC, ikasowa m7G46 ndi m5C49 nthawi imodzi, imatha m'selo mwachangu kutentha kukakwera, ngakhale inali yokhwima kale ndiponso ikugwira ntchito. Kuwonjezera makope a tRNA imodzi yomweyo kumachiritsa yisitiyo. Mu 2008 gulu lomweli linapeza kuti odya ake ndi Rat1 ndi Xrn1, omwe amayambira ku 5', ndipo kuchotsa jini ya MET22 kumaipulumutsa, chifukwa kumachititsa kuti m'selo muunjikane kanthu kotchedwa pAp kamene kamatsekereza maenzayimu awiriwa. Njirayi imatchedwa rapid tRNA decay. Zofananazi zimachitikira ma tRNA awiri a serine mukachotsa TAN1 ndi TRM44 pamodzi.

Zili ngati denga la udzu. Phaso lililonse limamangidwa luzi malo angapo, ndipo mukadula mfundo imodzi denga siligwedezeka, mpaka mutha kunena kuti mmisiri anangowononga luzi. Dulani ziwiri zoyandikana, ndiye mudikire kamvuluvulu wa mu Okutobala.

Tsopano tipite pa malo 34, pomwe pali nkhani imene ndimafuna wophunzira aliyense aidziwe. Mwa ma tRNA 13 a yisiti okhala ndi U pamalowa, 11 amamatidwa kachidutswa pa kaboni wachisanu wa U, kukhala ncm5U kapena mcm5U. Atatu mwa iwo, a lysine, glutamine ndi glutamate, amalandiranso sulufule pa kaboni wachiwiri, kukhala mcm5s2U. Woyambitsa zonsezi ndi gulu la mapuloteni 6, Elp1 mpaka Elp6, lotchedwa Elongator.

Dzinali linaperekedwa mu 1999 ndi gulu la Jesper Svejstrup ku England, chifukwa mapuloteniwa anatuluka limodzi ndi RNA polymerase II imene inali m'kati mokopera jini. Elp3 ili ndi chigawo chofanana ndi maenzayimu omata acetyl pa ma histone, ndiye aliyense anakhutira kuti ntchito yake ndi kutsegulira polymerase njira pa DNA. Pambuyo pake ena anati imathandiza kutulutsa katundu kunja kwa selo, ena anati imakhudza ma telomere, ena kukonza DNA yowonongeka. Onsewa anali ndi umboni wooneka ndi maso, chifukwa yisiti yopanda Elongator imavutikadi pa zonsezi.

Anaimasula nkhaniyi ndi Anders Byström ndi ophunzira ake ku Umeå University ku Sweden. Mu 2005 anaonetsa kuti yisiti yopanda Elongator ilibiretu ncm5U ndi mcm5U pa ma tRNA ake. Mu 2006 anachita chinthu chosavuta koma chomaliza mkangano: anaika makope ambiri a ma tRNA awiri okha, ya lysine ya anticodon UUU ndi ya glutamine ya anticodon UUG, m'yisiti yopanda Elongator. Ma tRNA amenewa anali osasinthidwabe, kungoti anachuluka. Mavuto aja pafupifupi onse, a kukopera majini ndi a kutulutsa katundu omwe, anachepa kapena kutheratu. Ngati kuchulukitsa tRNA kukuchiritsa vuto la pa DNA, ndiye kuti vutolo silinayambire pa DNA. Linayambira mu ribosome, pomwe mapuloteni ena ofunika sankapangidwa bwino. Ine ndimaona kuti kuyesa kumeneku kuyenera kukhala koyamba kwa aliyense wonena kuti enzayimu ya tRNA ili ndi ntchito yachiwiri, ndipo pepala lolumpha sitepe imeneyi ndimaliwerenga mokayikira.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ikuyankha mwachindunji funso lanu lachiwiri. Yisiti ina, Kluyveromyces lactis, yopezeka m'zamkaka, imatulutsa poizoni wotchedwa zymocin wophera Saccharomyces. Mu labotale zimaoneka bwino: mumadontheza Saccharomyces pa agar, n'kugunditsa K. lactis m'mphepete mwa dontholo ndi kamtengo kotokosera m'mano. Mawa lake dontho lija limakhala lakula mozungulira, koma mbali imene munagunditsa ija yadyeka ngati mwezi wogwidwa ndi kadamsana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ofufuza anali atasonkhanitsa kale mitundu ya yisiti yosadyeka chonchi, ndipo majini ake anawatcha KTI ndi TOT. Gulu la Raffael Schaffrath ku Germany linaonetsa kuti ambiri mwa ma TOT ndi ma ELP omwe aja. Chifukwa chake sichinkadziwika mpaka mu 2005, pamene gulu la Byström linapeza kuti chigawo cha gamma cha zymocin ndi mpeni wodula tRNA pakati pa malo 34 ndi 35, ndipo chimadula bwino pokhapokha chikapeza mcm5s2U. Yisiti yosasintha U34 imapulumuka chifukwa mpeniwo suizindikira. Apa poizoni anasanduka chida. Pofika nthawi imeneyo panali kale gulu la mitundu ya yisiti pafupifupi 5,000, mtundu uliwonse utachotsedwa jini imodzi, ndiye kunali kungowapatsa poizoniyo n'kuona otsala. Otsalawo anatchula okha majini a njira yonse.

Mwa amenewa munali Trm9, yomwe pamodzi ndi Trm112 imamata methyl yomalizira, ndi mzere wonse wa sulufule. Nfs1 imazula sulufule pa cysteine, Tum1 imathandiza kumupatsira kwa Uba4, Uba4 imamukoleka kumchira kwa kapuloteni kotchedwa Urm1, ndipo Ncs6 ndi Ncs2 amamuika pa U34. Urm1 imafanana ndi ubiquitin, ndipo labotale ya Yoshinori Ohsumi itaipeza mu 2000 inkaonedwa ngati chizindikiro chomatidwa pa mapuloteni. Magulu angapo mu 2008 ndi 2009, kuphatikizapo la Sebastian Leidel ndi la Tsutomu Suzuki, ndi amene anaonetsa kuti imanyamulanso sulufule wa tRNA. Chotsani mzere wa sulufule wokha, yisiti imakhala ndi moyo. Chotsani Elongator yokha, imakhalanso ndi moyo. Chotsani zonse ziwiri, mitundu ina ya yisiti ya mu labotale imafa, ina imangokwawa.

Kwenikweni chimalakwika n'chiyani mu ribosome? U ikamagwirana ndi A imagwira mofooka, ndipo anticodon ya UUU ndi yofooka kuposa onse. Zosintha za pa U34 zimaumitsa anticodon kuti ikhale yokonzeka kugwira. Njira ya ribosome profiling, yomwe Nicholas Ingolia ndi Jonathan Weissman anayambitsa pa yisiti mu 2009, imaonetsa pomwe ma ribosome amachedwa pa mRNA. Mu 2015 Danny Nedialkova ndi Leidel ku Münster anaigwiritsa ntchito n'kupeza kuti m'yisiti yosowa zosinthazi ma ribosome amazengereza pa ma codon a AAA ndi CAA. Kuchedwako n'kochepa, koma puloteni imayamba kudzipinda ikadali kutuluka mu ribosome, ndiye liwiro likasokonekera imapindika molakwika. Anapeza mapuloteni ambiri ataundana m'maselo amenewa. Apa m'pamene zinamveka chifukwa chake jini imodzi inkaoneka ngati ikukhudza chilichonse.

Malo 37, oyandikana ndi anticodon, amakhala ndi zosintha zikuluzikulu zothandiza kuti ribosome isaterereke n'kuyamba kuwerenga zilembo zitatuzitatu polakwika. Pa ma tRNA owerenga ma codon oyamba ndi A pamakhala t6A, yomwe imapezeka m'zamoyo za mitundu yonse, kuyambira mabakiteriya mpaka anthu. Inadziwika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma jini yake yoyamba inapezeka mu 2009, pamene gulu la Valérie de Crécy-Lagard ku University of Florida linafufuza pa kompyuta majini opezeka m'zamoyo zonse amene ntchito yawo sinkadziwika, n'kugwera pa SUA5. Sua5 imalumikiza threonine, bicarbonate ndi ATP, ndipo gulu la KEOPS, la Kae1, Bud32, Cgi121, Pcc1 ndi Gon7, limasamutsira chidutswacho pa A37. KEOPS nayo inayamba yatchuka ndi nkhani za ma telomere, ndipo Kae1 ankaiyesa enzayimu yodula mapuloteni. Mu mitochondria ntchito ya gulu lonseli imagwiridwa ndi puloteni imodzi, Qri7.

Mod5, yomata isopentenyl pa A37, inapezeka kalekale ndi njira yoyang'ana kufiira ndi kuyera kwa yisiti. Yisiti yokhala ndi jini ya ADE2 yodukizidwa ndi codon yoimitsa ya UAA imakhala yofiira. Mukaipatsa tRNA ya tyrosine yosinthidwa anticodon kuti iziwerenga UAA, imayera. Chilichonse chofooketsa tRNA imeneyi chimabweza kufiira, ndiye wofufuza amangoyang'ana timadontho tofiira pakati pa toyera masauzande. Anita Hopper, yemwe pambuyo pake anapita ku Ohio State University, anagwira ntchito pa MOD5 ndi TRM1 kwa zaka zambiri, ndipo anaonetsa kuti jini imodzi imatha kutumikira nucleus, cytoplasm ndi mitochondria poyambira kumanga puloteni pa ma AUG awiri osiyana. Mod5 imatenga isopentenyl ija kwa DMAPP, yomwenso Erg20 imaifuna popangira ergosterol ya m'khungu la selo, ndiye awiriwa amalimbirana. Mu 2012 gulu la Motomasa Tanaka ku RIKEN ku Japan linaonetsa kuti Mod5 itha kuundana ngati prion, n'kusiyira Erg20 DMAPP yambiri, ndipo yisiti yotere imapirira fluconazole, mankhwala omwe aja amaperekedwa m'zipatala zathu pa matenda a mafangasi. Musafulumire kulumikiza ndi odwala: zimenezi zinaoneka mu Saccharomyces, osati mu Candida kapena Cryptococcus.

Chosintha chovuta kuposa zonse ndi wybutosine, pa G37 ya tRNA ya phenylalanine, ndipo ulendo wake umaonetsa kuti tRNA siyenda njira yolunjika monga mabuku amajambulira. Majini a tRNA a yisiti pafupifupi limodzi mwa magawo asanu ali ndi intron, ndipo Tohru Yoshihisa anaonetsa mu 2003 kuti m'yisiti intron imadulidwira pakhungu la mitochondria, kunja kwa nucleus. Mu 2005 gulu lake ndi la Hopper anapeza, aliyense payekha, kuti ma tRNA amabwereranso mu nucleus. tRNA ya phenylalanine imapangidwa mu nucleus, imatuluka kukadulidwa intron, imabwerera kuti Trm5 iike m1G37, imatulukanso, ndipo Tyw1 mpaka Tyw4 amamalizira wybutosine mu cytoplasm. Komanso wybutosine siimalizika bwino ngati Trm7 sinayambe yaika methyl pa malo 32 ndi 34, mothandizidwa ndi Trm732 ndi Trm734. Zina zimafuna intron ikhalepo: pseudouridine 35 ya tRNA ya tyrosine ndi m5C34 ya tRNA ya leucine ya anticodon CAA zimaikidwa intron isanadulidwe. Izi zikutanthauza kuti mukachotsa jini imodzi mutha kutaya zosintha ziwiri kapena zitatu, ndiye muziyeza tRNA yonse musanaloze chala.

Nanga majini a m'thupi la tRNA aja, opanda mtundu wofiira kapena poizoni wowaulula, anapezeka bwanji? Apa njira ya Phizicky ya mu 1999 ndi imene inatsegula khomo. Anapanga mitundu ya yisiti 6,144, uliwonse ukupanga puloteni imodzi ya yisiti yomatidwa GST kuti ikokedwe mosavuta. Anaiika m'magulu 64 a mitundu 96, n'kukoka mapuloteni a gulu lililonse pamodzi. Kenako ankatenga tRNA yosasinthidwa yokhala ndi chilembo chimodzi cha radioactive, n'kuisakaniza ndi gulu lililonse kuti aone limene lasintha chilembocho. Gululo likapezeka, ankaligawa mpaka kutsala mtundu umodzi. Umu ndi mmene Trm8 ndi Trm82, Trm10, Dus1 ndi Thg1 anapezekera pakati pa 2002 ndi 2003. Gulu la Suzuki ku Tokyo linabwera ndi njira ina: kutenga ma tRNA a mitundu yambiri yochotsedwa majini, kuwagaya kukhala zilembo, n'kuyeza pa mass spectrometer kuti aone chimene chasowa. Ma TYW anamalizika kupezeka motero mu 2006. Njira ziwirizi sizifuna kuti yisiti idwale n'komwe.

Mudzakumananso ndi mapepala onena kuti selo imakweza kapena kutsitsa zosinthazi dala ikakhala pamavuto. Thomas Begley anaonetsa mu 2007 kuti yisiti yopanda TRM9 imavutika DNA ikawonongeka, ndiponso kuti majini monga RNR1 ndi RNR3, odzaza ma codon a AGA ndi GAA, amapanga puloteni yochepa. Iye ndi Peter Dedon wa ku MIT anaonetsa mu 2010 kuti mankhwala owononga osiyanasiyana amasintha kuchuluka kwa zilembo zosinthidwa mosiyanasiyana, ndipo mu 2012 kuti hydrogen peroxide imachulukitsa m5C34 ya Trm4 pa tRNA ya leucine yowerenga UUG. Gulu la Benjamin Tu ku Dallas linapeza mu 2013 kuti sulufule wa pa U34 amachepa yisiti ikasowa methionine ndi cysteine. Zoyezazo ndimazikhulupirira. Chimene ndimasamala nacho ndi mawu akuti "dala". Kuchuluka kwa chilembo chosinthidwa kutha kusintha chifukwa enzayimu yafooka ndi kutentha, chifukwa zopangira zatha, kapena chifukwa ma tRNA ena awonongedwa ndipo atsopano sanamalizike. Nkhani ya sulufule ndi imene ili ndi maziko olimba, poti pali chifukwa chomveka choti selo ichepetse liwiro lomanga mapuloteni chakudya chikachepa.

Umboni wina wakuti majiniwa si achabe uli mwa anthu. Abale ake a ambiri mwa iwo ali m'matupi mwathu, ndipo akawonongeka kawirikawiri ubongo ndi minyewa ndi zimene zimayamba kuvutika. ELP1 yolakwika imayambitsa familial dysautonomia, zomwe zinadziwika mu 2001. FTSJ1, m'bale wa TRM7, NSUN2, m'bale wa TRM4, ndi ADAT3, m'bale wa TAD3, amakhudzana ndi kusakula bwino kwa nzeru. TRMT10A imakhudzana ndi mutu waung'ono pamodzi ndi shuga woyamba munthu ali wamng'ono. Majini a KEOPS analumikizidwa mu 2017 ndi Galloway-Mowat syndrome, matenda a impso ndi ubongo mwa ana. Apa yisiti imathandiza madokotala mwachindunji. FTSJ1 ya munthu itaikidwa m'yisiti yopanda TRM7 inabwezeretsa kakulidwe kake, ndipo cholakwika cha WDR4 chopezeka mwa ana obadwa aang'ono kwambiri chitayesedwa pa TRM82 ya yisiti mu 2015 chinachepetsa m7G46.

Ndiye mukadzachotsa jini yotereyi pa kafukufuku wanu n'kuona yisiti ikukula bwino, musalembe kuti ilibe ntchito. Iyeseni pa 37, ipatseni glycerol m'malo mwa glucose kuti mitochondria igwire ntchito, ichotseni pamodzi ndi jini ina yogwira tRNA yomweyo, kapena muisakanize ndi yisiti yabwinobwino m'botolo limodzi kwa mibadwo yambiri muone imene idzatsale. Kuchedwa pang'ono kumene diso silingaone pa mbale kumakwanira kuti mtundu uzimiririke pa mpikisano wotere. Vuto likaoneka, chulukitsani ma tRNA amodziamodzi mpaka mupeze yochiritsa.

Muzikumbukiranso kuti Saccharomyces ilibe zonse. Queuosine, yopezeka pa malo 34 a ma tRNA a tyrosine, histidine, asparagine ndi aspartate mwa anthu ndi zamoyo zambiri, mu S. cerevisiae mulibe. Wofuna kuifufuza amapita kwa Schizosaccharomyces pombe, yisiti imene Paul Lindner anaifotokoza mu 1893 itachokera mu mowa wa mawere wa kum'mawa kwa Africa. Yisitiyi, monga ifenso, siipanga yokha queuine, chopangira queuosine, koma imatola yochokera kwa mabakiteriya, ndipo mu 2015 gulu la Ann Ehrenhofer-Murray ku Berlin linaonetsa kuti ikaipeza, enzayimu yake ya Pmt1 imamata methyl yambiri pa C38 ya tRNA ya aspartate.